Pampu Yachitatu pa Chitakale

Lero ndi tsiku lachinayi pampu yanga ili kukamwa gwa.
Paipi ndaikoleka, yangoti lende ngati mkono wa wodwala.
Mzere wayambira pamapazi panga,
wadutsa azimayi a nanazi,
wakhotera msewu wa ku Phalombe kumene maso anga safika.

A Namakhwa a minibasi agona pampando wakumbuyo mausiku atatu,
malaya achita makwinya ngati fodya wouma.
M'mawa uliwonse funso ndi lomwelo:
"Dailesi mwanawe, thanki yanyamuka ku Beira?"
Ngati kuti ine ndili ndi diso kudoko,
ngati kuti madola amagona m'thumba la yunifolomu yanga.

Anyamata a kabaza sadikira.
Mbandakucha ali kale ku Muloza,
pobwera zigubu za ku Milanje zafunda masamba a nthochi,
lita imodzi mtengo wa nkhuku.
Injini imatsokomola nawo mafutawo,
koma wamimba yopota safunsa dzina la mtengo umene akumwa.

Mlongo wanga Fanuwelo amakonza mafiriji ku Kigali.
Dzulo watumiza mawu pafoni:
"Kuno njinga zina sizimwa petulo, achemwali.
Batire likatha umalisiya n'kutenga lodzaza,
monga timasinthira botolo pagolosale.
Ikamadutsa sumva kulira, umangoona msana wa munthu."
Ndinamvetsera katatu.
Kachinayi foni inathima,
magetsi anali atatsanzika kuyambira masana.

Mumzeremu muli sukulu yake.
Aphunzitsi a Mukhuna, atatsamira galimoto yawo yakale,
akuti ku Brazil magalimoto amamwa nzimbe.
"Nanga za ku Nchalo zija si nzimbe?" wafunsa kondakitala.
Aphunzitsi angopukuta magalasi.
Mtsikana wa ku Norway wobwera kudzakwera phiri
anati kwawo galimoto amaitchaja ngati foni.
Ndinamufunsa, nanga mafuta mulibe?
Anati alipo ambiri, pansi pa nyanja.
Ndiye mumatani nawo?
Anayang'ana nsapato zake. "Timagulitsa kwa ena."

Sindimuseka.
Ine ndemwe ndikaweruka ndimaima kwa mayi Nasiyaya
kugula makala a m'kajumbo.
Ndikudziwa kumene achokera.
Tukulani maso muone dazi lomwe phiri lachita pamphumi.
Ndikudziwanso usiku umene napolo anatsika,
miyala ikugubuduzika ngati mbuzi zothawa khola,
m'mawa tikufukula mbale za anthu m'matope.
Komabe mwana wanga Tiyese sadya nyemba zaziwisi,
ndipo silinda ya gasi ndi malipiro anga onse, osatsala ya sopo.

Azakhali ku Bondo amandinyadira.
Kwawo Lichenya yemweyo, wochapamo matewera,
anamupatutsira m'ngalande, amazunguza kachitsulo m'kanyumba,
babu n'kuyaka, chigayo n'kulira.
"Madzi akamaliza ntchito amabwerera mumtsinje," amatero,
"sanapemphepo chiphaso pachipata cha dziko lililonse."
Ndimafuna kuwafunsa kuti mtsinjewo udzamwa kuti
mitengo ya kumtunda ikadzathera m'mbaula yanga,
koma ndimangoti zikomo, n'kulandira nthochi.

Pawailesi akuti ndondomeko ilipo,
yalembedwa bwino, ili ndi chaka chake.
Chakacho Tiyese adzakhala ndi ndevu.

Tamverani!
Chinthu cholemera chikubuula kuchokera ku Luchenza.
A Namakhwa adzambatuka, nsapato imodzi m'manja,
makiyi akulira, zigubu zatuluka m'matchire,
ine ndakoleka kale chala pachowombera cha paipi.

Ndi lole ya kuesiteti.
Yasenza zipika za bulugamu,
ikukadyetsa ng'anjo youmitsira tiyi
amene akamwedwe kutali, m'makapu a anthu a mpweya woyera.
Yatipopera utsi wakuda kumaso, yapita.

Aliyense wabwerera pamthunzi wake.
Dzuwa, limene palibe analiitanitsa ndi madola,
likungotayikira pamalata a filing'i siteshoni,
ngati madzi pampopi woiwalika.